Fodya Sathyolera ku Nazale

Mlimi aliyense wa ku Mponela, ku Madisi kapena ku Malomo amadziwa kuti mbande zikabiriwira pa nazale ndiye kuti ntchito yangoyamba kumene. Kutsogolo kuli kuwokera, kupachiza, kupalira ndi kubandira. Munthu wongowokera n'kukakhala pakhonde kudikira mabelo amasekedwa ndi ana omwe. Komatu chimene sitingayerekeze kuchita ndi fodya tikuchita ndi ana athu ogwidwa ukapolo ndi mowa komanso chamba. Nkhani ino ndailemba ndili wokwiya, ndipo sindibisa.

Mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa kumapiri a ku Ntchisi, adayamba ndi masacheti ali kusekondale. Boma litaletsa masachetiwo mu 2015, iye adangosamukira ku kachasu. Zitafika pomaba feteleza wa mayi ake n'kukagulitsa, ine monga mwini mbumba ndidasonkhanitsa abale. Tidagulitsa ng'ombe ziwiri ndi soya yense wa chaka chimenecho, n'kukamusiya pamalo ena olipira m'tauni, amene dzina lake sinditchula. Patatha masabata asanu ndi limodzi adatuluka atanenepa, manja osanjenjemeranso. Pachipata adatipatsa lisiti ndi langizo limodzi lokha: asakamwenso.

Adabwerera kumudzi komwe kuja, kwa anzake omwe aja, ndipo njira ya kumsika idali yomwe ija yodutsa pakhomo potchezera kachasu. Palibe adamuimbira foni kumufunsa za moyo. Mwezi wachitatu, ndalama za fodya zitayamba kufika kuchokera ku okushoni ya ku Kanengo, mnzake adamugulira botolo limodzi. M'mawa mwake ndidamupeza atazyolika kuseri kwa chigafa. Adati, "Amalume, mtima udayamba kale kulakalaka, koma ndikadauza yani?" Titaimba foni kumalo kuja, adatiuza kuti tibwere nayenso, mtengo wake womwe uja. M'khola mudali mutatsala ndowe zokha.

Ena anena kuti mnyamatayo ndi wofooka mtima. Madokotala satero. Mu 2000, Thomas McLellan ndi anzake adalemba m'magazini ya madokotala ya JAMA ku America kuti uchidakwa ndi ukapolo wa mankhwala ozunguza bongo ndi matenda amgonagona, ofanana ndi shuga, mphumu ndi kuthamanga kwa magazi. Bungwe la NIDA la m'dziko lomwelo limati mwa anthu 100 alionse olandira chithandizo, 40 mpaka 60 amadzayambiranso. Choncho aliyense wotsegula malo othandizira zidakwa amadziwiratu kuti pafupifupi theka la odwala ake adzagwa. Kudziwa zimenezi, n'kulandira ndalama zonse, kenako n'kutsekera wodwala chipata kumbuyo, ndi malonda ogulitsa denga lopanda mizati. Kodi alipo dokotala wa shuga amene amasunga wodwala mwezi umodzi n'kumuuza kuti azipita, asadzadwalenso?

Kusiyitsa thupi mowa ndi ntchito ya masiku owerengeka, ngakhale ndi yoopsa ndipo imafunadi achipatala, poti wina amagwa khunyu kapena kubwebweta. Koma kuzoloweretsa munthu kudutsa tsiku la msika, ukwati, maliro ndi chiliza ali wosaledzera ndi ntchito ya miyezi ndi zaka. Ntchito imeneyi siichitikira mumpanda wa m'tauni. Imachitikira ku Nthondo, ku Mvera ndi ku Chezi, kumene wodwala amakhala.

Eni malo olipira ayankha kuti iwo si boma, ndipo anamwino, chakudya ndi magetsi zimadya ndalama. N'zoona, ndipo sindikunena kuti azigwira ntchito yaulere. Chipatala cha boma cha matenda a maganizo chili ku Zomba, kutali ndi mapiri athu, kotero malo olipira akutseka dzenje lenileni. Komatu gawo lodula ndi bedi. Kulondola munthu amene watuluka kale sikufuna bedi. Kumafuna mayunitsi a foni, mlangizi mmodzi ndi njinga yamoto.

Tisanamizane kuti zimenezi n'zachilendo kwa Amalawi. Kuyambira mu 2004, pamene ma ARV adayamba kuperekedwa ulere, taphunzira kusamala wodwala kwa moyo wake wonse. Ali ndi tsiku lake lobwera kuchipatala, ali ndi womuyang'anira, ali ndi gulu la anzake, ndipo akajomba azaumoyo amamulondola mpaka pakhomo. Wodwala TB timamuchitira chimodzimodzi. Ku Harare, Dr Dixon Chibanda adaphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi n'kumamvetsera anthu ovutika maganizo, ntchito yotchedwa Friendship Bench. Gulu la Alcoholics Anonymous lidayamba mu 1935 ku Akron ndi zidakwa ziwiri zolimbikitsana, ndipo mpaka lero silikhala ndi mtengo wolowera. Luso lilipo. Chikusowa ndi kuvomera kuti chidakwa nachonso ndi wodwala.

Tsono ndikupempha zinthu zinayi. Choyamba, mtengo umene banja likuuzidwa pa tsiku loyamba uziphatikiza chaka chathunthu cha kulondola wodwala, ndipo zilembedwe papepala. Chachiwiri, wogwa m'chaka chimenecho azilandiridwanso pa mtengo wotsika, poti masiku ochepa msanga amaposa masabata ambiri mochedwa. Chachitatu, malo olipira agwirizane, azitumiza mlangizi kamodzi pamwezi ku Mponela, ku Dowa boma, ku Ntchisi boma ndi ku Malomo, kuti mlimi asamagulitse mbuzi pofuna thiransipoti ya ku Lilongwe. Mlangiziyo aziphunzitsanso azaumoyo a m'midzi, akuluampingo ndi mashehe kuzindikira munthu amene wayamba kuterereka. Chachinayi, bungwe la Medical Council of Malawi, limene limapereka ziphaso ku zipatala zolipira, lisamavomereze malo opanda dongosolo lotere.

Boma nalo lisathawe. Lidakhazikitsa ndondomeko ya dziko yokhudza mowa mu 2017, ndipo limatolera msonkho pa mowa wa m'mabotolo. Limadziwanso kulipira zipatala za mishoni za CHAM kuti amayi oyembekezera azithandizidwa osatulutsa ndalama. Chikuletsa n'chiyani kuti kagawo ka msonkho wa mowa kazilipira ulangizi wa amene mowawo wawapweteka?

Nafenso achibale tili ndi mlandu. Tidayesa kuti tikalipira ndiye tathana nazo, ngati takonzetsa wailesi. Titamva kuti wagwa, tidayamba ndi kumunyoza, ndipo manyazi adamubweza ku botolo. Paja mbewa yamanyazi idafera kuuna.

Lero mphwangayo ali m'mwezi wachisanu ndi chiwiri osalawa. Lamlungu lililonse masana amakumana ndi amuna ena awiri a vuto lomwelo pansi pa mtengo wa mango kusukulu, ndipo ine ndimamuimbira Lachitatu lililonse. Za mawa sindilonjeza. Koma ngati mphunzitsi wopuma ngati ine angakwanitse mayunitsi a foni imodzi pa sabata, malo amene adalandira ng'ombe zathu ziwiri akadalephera bwanji?