Kathirakitala kakutiyambanitsa

Amalume,

Ndine mayi wa zaka 26, ndili ndi ana awiri ndipo ndimakhala kufupi ndi sikimu ya mpunga ya Domasi kuno ku Machinga. Amuna anga ali ku Joni. Chaka chatha adatumiza ndalama, tidagula kwa munthu wina ku Balaka kathirakitala ka dizilo kogwira ndi manja kaja amati pawa tila. Sikanali katsopano. Amakayendetsa ndi mlongo wanga, timalimira anthu n'kumawalipiritsa.

Pano kuti kalire m'mawa ndi nkhondo. Mlongo wangayo amapukusa handulo mpaka thukuta kamukamu, koma zii. Alimi atatu adalipira kale ndipo akubwera pakhomo tsiku ndi tsiku. Bambo a anawa pafoni akuti mlamu wawo wakaononga, mwinanso amaba dizilo. Amayi anga akwiya kuti mkamwini akunyoza mwana wawo. Makaniko wina wati injini yonse aimasule, koma ndalama yake njambiri. Nditani?

Mayi wothedwa nzeru, Machinga

Mwana wanga,

Makanikoyo ayambe wadikira. Munthu wothamangira kumasula injini asanayang'ane n'komwe thanki ine ndimamukayikira.

Injini ya dizilo ilibe pulagi. Mafuta amayaka chifukwa cha kutentha kwa mpweya umene pisitoni yaupanikiza. Choncho ikamavuta, nkhani imakhala pa dizilo, pa mpweya kapena pa mphamvu yopanikizayo. Mawa mlongo wanu akamapukusa, inu muime pambali muziyang'ana ku ekizozi.

Ngati utsi sukutuluka, ndiye kuti dizilo sakufika. Mumufunse bwinobwino, osati mokalipa, ngati tsiku lina mafuta adamuthera ali m'munda. Thanki ikauma, m'mapaipi mumalowa mpweya, ndipo ngakhale mudzazenso injini imakana. Amasule pang'ono kabauti ka pa fyuluta ya mafuta, dizilo atuluke mpaka thovu lithe, kenako amange. Ntchito ya mphindi zochepa imeneyi, yosalira ndalama.

Ndiye pali dizilo wa m'zigubu. Ndikudziwa, mafuta akasowa pa filing'i siteshoni ku Liwonde munthu umagula pomwe wawapeza. Koma wa m'mbali mwa msewu nthawi zina amakhala ndi madzi, zinyalala, ngakhale parafini. Tsanulirani pang'ono m'botolo loonekera mkati, mulisiye kwa ola limodzi. Madzi amalemera kuposa dizilo, ndiye mukawaona akhala pansi, khuthulani thanki yonse, muitsuke ndi kusintha fyuluta. Parafini ndiye woipitsitsa, chifukwa saterera ngati dizilo, amadya pampu ndi nozolo pang'onopang'ono. Muzisefa mafuta ndi kansalu koyera, ndipo muzidzaza thanki madzulo poweruka, poti thanki yatheka imachita mame mkati usiku.

Muonenso fyuluta ya mpweya. Ngati ndi ija yokhala ndi oilo pansi, oiloyo akasanduka phala la fumbi atayidwe, mutsuke n'kuthira wina.

Tsono ngati utsi woyera ukutuluka koma injini osagwira, dizilo akufika, kungoti sakuyaka. M'miyezi ya June ndi July chimavutitsa n'chisanu cham'mawa. Thirani madzi ofunda m'thanki ya madzi oziziritsa injini, mudikire pang'ono. Apukuse mwamphamvu atagwira kachitsulo kofewetsa handulo kaja, asakasiye mpaka gudumu litathamanga ndithu. Kuyatsa sanza pakamwa pa injini kapena kudonthezamo petulo ayi, anthu apsa nazo zimenezo. Chala chachikulu chisamazungulire handulo, ikabwerera imathyola.

Zonsezi zikakanika, ayese kupukusa asanagwire kachitsulo kaja. Handulo iyenera kulimba. Ikamangozungulira mopepuka, mpweya ukuthawa. Apo ndiye muitane makaniko, koma ayambe wayeza mavalavu ndi nozolo, zomwe n'zotsika mtengo, asanakambe za maring'i.

Za bambo a kunyumba, musawaweruze msanga. Munthu wokhetsa thukuta kuchilendo akamva kuti chuma chake chaima, mtima umauluka. Komabe kutchula mlamu wawo wakuba popanda umboni n'kulakwa, ndipo muwauze choncho mwaulemu. Kathirakitalako kadagwira kale ntchito kwa eni ake oyamba, zina zidatha musanakagule. Ajambuleni vidiyo ya utsiwo ndi botolo lija, muwatumizire pa WhatsApp adzionere okha. Gulaninso kope, muzilemba malita a dizilo, munda umene walimidwa ndi ndalama yolowa tsiku lililonse, mlongo wanu azisayinira. Amayi muwapemphe aleze mtima, nkhaniyi siyofika kwa ankhoswe.

Alimi atatu aja musawabisalire. Apiteni lero lomwe, muwauze tsiku limene mukuyembekeza kulima, ndipo amene sangadikire mumubwezere ndalama yake.

Amalume