Za Kanema wa Loweruka Madzulo

Ndifuna kunenapo mawu pang'ono pa nkhani ya kanema amene tionera m'holo Loweruka madzulo. Ndidziwa kuti ambiri sadzavomerezana nane, koma magazini ano ndi a ife tonse.

Pafupifupi sabata iliyonse tionera mitundu iwiri yokha, wa nkhondo ndi woseketsa. Akapanda kukhala Rambo ndiye Jackie Chan, akapanda kukhala Jackie Chan ndiye Mr Bean. Ine sindidana nawo anthu amenewa, pakuti munthu amene walimbana ndi masamu masiku asanu ayenera kuseka ndithu. Chondidandaulitsa n'chakuti kanema asanafike pakati, ngakhale mwana wa Fomu 1 adziwiratu mathero ake. Ngwazi idzamenyedwa pang'ono, idzadzuka, ndipo adani ake adzagwa ngati mapesi. Palibe ndi mmodzi yemwe amene aopa kuti Rambo angafe. Tsono ngati mathero tiwadziwa kale, tidikiranji maola awiri pa benchi louma?

Ulipo mtundu wina umene anzanga autcha wogonetsa tulo. Mfuti sizilira kawirikawiri, anthu alankhula ndi kuyang'anana, koma mtima wa woonera sukhazikika. Chitsanzo chake ndi Rear Window, amene anapangidwa ndi Alfred Hitchcock m'chaka cha 1954. James Stewart ali wojambula zithunzi wotchedwa Jefferies, amene wathyoka mwendo ndipo ali ndi chikhakha, kotero kuti sangathe kutuluka m'chipinda chake mu mzinda wa New York. Posowa chochita ayamba kusuzumira pa zenera ndi kupenya anansi ake. Aona bambo wina, Thorwald, amene mkazi wake ndi wodwala ndiponso wolongolola. Usiku wina kugwa mvula, bamboyo atuluka ndi sutikesi ndi kubwerera kangapo. Kutacha, mkazi uja saonekanso.

Ife oonera sitidziwa kanthu koposa zimene Jefferies aona pa zenera lija. Kodi mkaziyo waphedwa, kapena wangopita ulendo? Kodi Jefferies ali kuona zoona, kapena ulesi wamusandutsa kazitape wa miseche? Mnzake wapolisi amuseka. Kagalu kamene kanali kukumba m'maluwa a Thorwald kapezeka katafa. Pomaliza bwenzi lake Lisa, amene ndi Grace Kelly, alowa m'nyumba ya Thorwald kukafuna umboni, napeza mphete ya ukwati ya mkazi uja. Mwini nyumba abwera Lisa akali momwemo, ndipo Jefferies aona zonse ali tsidya lino, wosatha kuimirira, wosatha kufuula. Pamenepo palibe chipolopolo chimene chiwombedwa. Koma pamene Thorwald akweza maso nayang'ana molunjika pa zenera la Jefferies, munthu uona ngati wayang'ana iwe amene.

Chifukwa chake n'chakuti tatha ola lathunthu tili kumudziwa Jefferies: kuuma mutu kwake, kuopa kwake ukwati, ndi mmene akanganirana ndi namwino wake Stella. Ngozi ikagwera munthu amene umudziwa, uimva m'mimba. Ikagwera adani opanda maina, uwerenga mitembo ngati zigoli za mpira.

Hitchcock mwini wake anafotokozera François Truffaut za zimenezi pocheza naye mu 1962. Anapereka fanizo la anthu awiri ocheza pa tebulo limene pansi pake pali bomba. Likangophulika oonera osadziwa kanthu, adzidzimuka kamphindi chabe. Koma akaonetsedwa bombalo poyamba, nadziwa nthawi imene lidzaphulike, ngakhale macheza opanda pake a anthu awiri aja asanduka oopsa, ndipo oonera afuna kuwachenjeza. Akanema ambiri amene tionera ife atipatsa kuphulika kokhakokha.

Winanso ndi The Wages of Fear wa mu 1953, wopangidwa ndi Mfalansa Henri-Georges Clouzot. Amuna anayi osauka avomera kuyendetsa malole awiri odzaza nitroglycerin pa msewu woipa wa ku South America, kuti akazimitsire moto pa chitsime cha mafuta. Lole ikangogunda bampu mwamphamvu, onse atha. Apa liwiro ndilo mdani, ndipo amene anadzitama kuti ndi wolimba mtima ndiye ayamba kunjenjemera.

Otsutsa adzati Chingerezi cha akanema otere n'chovuta, ndipo nkhonya sizifuna womasulira. Izi n'zoona. Koma ndife ana a sekondale, ndipo mayeso athu tilemba m'Chingerezi chomwecho. Ngati titha kukhala chete pophunzira sewero la Shakespeare, sitingalephere kumva James Stewart, amene alankhula pang'onopang'ono. Ena adzati m'holo muli phokoso. Phokosolo tichita ndife, makamaka anyamata okhala kumbuyo amene aimba mluzu mtsikana akangoonekera pa kanema. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mphindi makumi awiri zoyamba za kanema wotere zifuna kudekha komweko.

Sindili kupempha kuti Jackie Chan achotsedwe. Pempho langa kwa pulifekiti wa zamsangulutso ndi kwa aphunzitsi oyang'anira mbali imeneyi n'lakuti pa Maloweruka anayi a mwezi, limodzi lipatsidwe kwa kanema wa mtundu uwu, ndipo mphunzitsi wa Chingerezi anene mawu ochepa tisanayambe, kuti a Fomu 1 asasokere. Tiyambe ndi Rear Window teremu ikudzayi. Satha ndi maola awiri omwe, kotero kuti belu logonera lidzatipeza titamaliza.