Amayi anu sanalodzedwe, ndi ng'ala chabe

Anzanga a m'gulu muno, sabata ino mundikhululukire, ndabwera ndi mkwiyo. Ine ndimagulitsa tomato ndi anyezi pamsika wa ku Area 36, ndipo pabenchi timamva zambiri. Lachiwiri lapitali kasitomala wanga wina, mayi wotchena, foni yodula m'manja, anandiuza kuti apongozi ake asiya kuona. Nditafunsa ngati anapita nawo kuchipatala, anati, "Aaa asisi, kumene kuja amakolowola diso n'kuikamo la mbuzi." Ndinangoti kakasi, chifukwa bodza lomweli linasunga amayi anga mumdima zaka zitatu.

Amayi atayamba kudandaula kuti akuona ngati chifunga, tinati ndi ukalamba. Atafika posazindikira nkhope, amalume anati alodzedwa chifukwa cha mkangano wa munda kumudzi. Tinapita kwa asing'anga awiri, nkhuku zinapita, mpamba wanga unapita. Wina anawathira madzi a masamba m'maso, amayi analira usiku wonse. Mwana wa achemwali anga anasiya sukulu ali Sitandade 6 kuti aziwagwira dzanja popita kuchimbudzi. Tinkati ndi chikondi, koma tinkapha tsogolo la mwana ndi mantha athu.

Tsiku lina namwino wina amene amagula kwa ine anafika pakhomo, anawayang'ana m'maso n'kunena kuti, "Iyi ndi ng'ala, pitani nawo ku Central." Ku Lions Sight First Eye Hospital, pa Kamuzu Central, anatifotokozera bwinobwino. M'kati mwa diso muli kagalasi kachilengedwe kamene kuwala kamadutsamo. Ndi ukalamba, matenda a shuga kapena kuvulala, kagalasiko kamachita mbuu. Adokotala amabaya jekeseni wochititsa dzanzi, amacheka pang'ono, amachotsa kagalasi kowonongekako n'kuikamo kapulasitiki koyera. Diso silichoka m'malo mwake, ndipo munthu amakhala ali maso mpaka kumaliza. Amayi sanathe ngakhale ola limodzi m'chipindamo. M'mawa mwake atamasula bandeji, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Iwe, wanenepa liti chonchi?" Ndinaseka misozi ili mbwembwembwe.

Ndiye wina azindiuza za diso la mbuzi? Kagalasi kameneka si kachilendo ayi. Dokotala wa ku England, Harold Ridley, anakaika koyamba mu 1949 pa St Thomas' Hospital ku London. Iye anaona kuti oyendetsa ndege za nkhondo amene tizidutswa ta pulasitiki tinawalowa m'maso, diso silinkalimbana nato. Papita zaka zoposa 70 anthu akuona ndi kagalasi kameneka. Kuno kwathu malemu Dr. Moses Chirambo, amene anadzakhalanso nduna ya zaumoyo, anathera moyo wawo pa ntchito ya maso. Opaleshoniyi imachitika ku Kamuzu Central, ku Nkhoma, ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Zomba ndi ku Mzuzu. A World Health Organization amati ng'ala ili m'gulu la zinthu zimene zikuchititsa khungu kwambiri padziko lonse, chonsecho ndi khungu lochizika.

Ndikudziwa zomwe ena muyankhe. Muti thiransipoti yakwera, mzere ndi wautali, tsiku limodzi osagulitsa ndiye kuti ana agona ndi njala. Zoona, ine ndinatseka benchi masiku anayi ndipo tomato wina anaola. Koma tawerengerani ndalama zomwe tinataya kwa asing'anga zaka zitatu zija, muonjezerepo sukulu ya mwana uja. Pamaliro timasonkha ndalama ya galimoto yopita mpaka ku Ntcheu tsiku lomwelo, koma ya minibasi yopita ku Central kuti gogo aone, timati palibe. Si manyazi amenewo?

Ena muti mukudziwa munthu amene anachitidwa opaleshoni koma sanaone. Zimachitika, sindikana. Si khungu lililonse lomwe ndi ng'ala. Pali matenda ena, monga glaucoma, amene amaononga mtsempha wa diso, ndipo zikatero kagalasi sikangathandize. N'chifukwa chake kuyezetsa msanga kuli kofunika. Palinso ena amene akatuluka m'chipatala amasiya mankhwala odontheza, n'kubwerera kuutsi wa mbaula ndi fumbi diso lisanapole. Ife tinawaletsa amayi kuphika ndi kusenza katundu kwa milungu ingapo, ndipo tinabwereranso tsiku limene anatiuza.

Amene ndakwiya nawo kwenikweni ndi ife ophunzira, ife a Facebook, amene timadziwa kutsutsana za ndale mpaka pakati pa usiku koma nkhani ya diso la mbuzi timaimeza osatafuna. Ndakwiyanso ndi aja oyenda ndi timabotolo m'misika, amati mankhwala awo amasungunula ng'ala. Palibe dontho limene limachotsa ng'ala, abale, musawapatse ndalama zanu.

Lero amayi amasankha okha nyemba, amawerenga buku lawo la nyimbo kutchalitchi, ndipo Loweruka amandithandiza kupanga milu ya tomato. Mwana uja anabwerera kusukulu, koma anzake anamusiya ndi makalasi awiri, ndipo mlandu umenewo ndi wathu.

Ngati kwanu kuli gogo amene akupapasa khoma, musadikire msonkhano wa banja. Yambirani pachipatala chapafupi sabata ino, akawaone ndi kuwatumiza koyenera. Amene muli ndi umboni wa diso la mbuzi, bweretsani, ndili pabenchi mpaka 6 koloko.