Mlandu wa Akaidi a Mau Mau Sunathe

Nkhani ya akaidi a Mau Mau, gulu limene linkalimbana ndi atsamunda a Britain ku Kenya, ikangotchulidwa, pamakhala wina woyankha msanga: Britain inavomera, inapepesa, inalipira, nanga mukufunanso chiyani? Ena amaonjezera kuti ndi zakalekale, palibe angadziwe zoona zake. Magazini ino ikutsutsa zonse ziwiri.

Pa 6 June 2013, nduna ya Britain yoona za maiko akunja pa nthawiyo, William Hague, anauza nyumba ya malamulo ku London kuti boma lipereka mapaundi 19.9 miliyoni, kuphatikizapo malipiro a maloya, pa madandaulo a anthu 5,228 a ku Kenya. Anati boma likumva chisoni kuti anthu anazunzidwa. Pomwepo ananenetsanso kuti bomalo silikuvomera kuti lili ndi mlandu pamaso pa lamulo. Ndalamazo zinatseka mlandu usanazengedwe mpaka kumapeto.

Komanso sizinatuluke mwaulere. Mu 2009 okalamba asanu anakasuma ku khothi lalikulu ku London. Paulo Nzili anamufula ndi chida chofulira ng'ombe. Jane Muthoni Mara, ali mtsikana, anamulowetsa botolo la madzi otentha kumaliseche. Wambugu wa Nyingi anamenyedwa mpaka kukomoka pa kampu ya Hola pa 3 March 1959, tsiku limene anzake 11 anaphedwa ndi zibonga, akuluakulu n'kuyamba kufalitsa zoti amwalira atamwa madzi. Palibe amene anazengedwa mlandu pa imfa zimenezi.

Boma linayankha bwanji? Poyamba linati mlanduwo unasamukira ku boma la Kenya pamene dzikolo linalandira ufulu mu 1963, kutanthauza kuti ozunzidwa adzilipire okha kudzera m'misonkho yawo. Woweruza McCombe anakana kuthetsa mlandu pa chifukwa chimenechi mu 2011. Kenako linati nthawi yapita kwambiri. Mu October 2012 woweruza yemweyo analamula kuti mlandu upitirire.

Zoti nthawi yapita n'zimene zili zowawa kwambiri, chifukwa amene anaichedwetsa ndi boma lomwelo. Atsamunda akulongedza katundu, panali lamulo loti mapepala ochititsa manyazi asasiyidwe m'manja mwa boma latsopano. Ena anatenthedwa, ena anatumizidwa ku Britain mwachinsinsi. Kwa zaka zambiri ofufuza ndi boma la Kenya ankafunsa, osapeza yankho lomveka. Mu 2011, khothi litapanikiza, unduna woona za maiko akunja unavomera kuti uli ndi mafayilo pafupifupi 1,500 a ku Kenya ku Hanslope Park, malo otetezedwa kwambiri ku Buckinghamshire. Posakhalitsa chiwerengero chinafika pa 8,800, ochokera m'maiko 37 amene Britain inkalamulira.

M'mapepala a nthawi imeneyo muli kalata ya mu 1957 ya Eric Griffith-Jones, mkulu wa zamalamulo ku Kenya, yofotokoza mmene akaidi okana kumvera azimenyedwera, ndi kulangiza kuti ngati achite tchimo, alichite mwakachetechete. Awa si mawu a msilikali woledzera. Analemba ndi loya wamkulu wa boma, kulembera bwanamkubwa.

Tisaiwalenso kuti ku Kenya komweko gulu la Mau Mau linali loletsedwa mpaka 2003. Akanasonkhana bwanji kuti akasume?

Ngakhale zinali choncho, mu 2018 khothi linataya mlandu wachiwiri, wa anthu oposa 40,000, ponena kuti papita zaka zambiri, mboni zinamwalira ndipo boma silingathe kudziteteza mokwanira. Wobisa umboni ndiye anapindula ndi kuchedwako. Mfumu Charles itapita ku Nairobi mu 2023 inadandaula za nkhanzazo, koma mawu opepesa sanatuluke.

Kwa Amalawi, tsiku la Hola si lachilendo. Pa 3 March 1959 pomwepo, bwanamkubwa Robert Armitage analengeza lamulo la nthawi ya chisokonezo mu Nyasaland, Dr Banda anamangidwa, anthu ena anawomberedwa padoko la Nkhata Bay, ndipo m'miyezi yotsatira anthu oposa 1,000 anatsekeredwa. Mafayilo a Nyasaland analinso ku Hanslope Park, ndipo tsopano ali kosungira mbiri ku Kew, otsegulidwa kwa aliyense. Akatswiri athu a mbiri ndi maloya akawawerenge mboni zotsala zisanathe.