Musiyeni mnyamata wa ku Golomoti ajambule

Abale anga a m'gulu muno, sabata ino ndabwera ndi mkwiyo, ndipo sindipepesa.

Mwezi wathawu ndinatsika minibasi pa Golomoti. Kuseri kwa msika, mnyamata wina wajambula khoma lonse la nyumba ya amayi ake: chishango cha Chingoni pakati, mizere yonga ya mikanda m'mbali, ndipo m'kati mwa chishangomo waikamo usipa ndi njinga ya kabaza. Penti wake wogula m'sitolo. Ndili chiimire, bambo wina wa jekete anati, "Uku n'kunyoza makolo. Mngoni ndi nsomba wapi ndi wapi?" Ndikudziwa kuti ena mwa inu mukanavomera. Lero ndili ndi inu.

Zoona, makolo athu pochoka kumwera kwa Africa m'zaka za m'ma 1800 nsomba sankadya. Koma Kachindamoto atakhazikika ku Mtakataka, adzukulu anakulira m'mbali mwa nyanja. Lero ndani wa ife amakankha mbale ya chambo? Chiyankhulo cha Chingoni nacho chinatipulumuka kalekale, tikungoyankhula Chichewa cha azimayi athu. Nde mnyamatayu walakwa chani pojambula Mngoni amene alipodi, amene amapalasa kabaza n'kudyera usipa? Mukufuna azingojambula Mngoni wa nthenga kumutu amene timamuona kamodzi pachaka pa Umhlangano ku Nkolimbo?

Pitani pa Mua, si patali. Ansembe a White Fathers anafika pamenepo mu 1902, ndipo mu 1976 Bambo Claude Boucher a ku Canada, amene anthu anawatcha Achisale, anayambitsa malo a zaluso a KuNgoni. Makoma a nyumba yosungiramo zakale ya Chamare ndi ojambulidwa mbiri ya dziko lino, m'katimo muli za Achewa, Angoni ndi Ayao. Mlendo anabweradi ndi kalumo kakuthwa. Koma kalumoko tinakalandira? Ambiri a ife timangodutsa pamsewu, n'kumati zimenezo n'za azungu. Nyumba yosungiramo zakale imasunga basi, siibereka. Chobereka ndi dzanja la mwana amene wagwira bulashi kwawo.

Kwerani mapiri a Dedza omwewa mukaone miyala ya Chongoni, malo 127 amene UNESCO inawazindikira mu 2006. Akafula anajambulapo ndi utoto wofiira. Achewa atabwera anajambula zawo ndi dothi loyera, za chinamwali ndi za Nyau. Sanakopere za Akafula. Aliyense anaika pamwala moyo wake, ndipo n'chifukwa chake miyalayo ikuyankhulabe.

Si ife tokha adzukulu a anthu obwera. Ku Lindsborg, m'chigawo cha Kansas ku America, anthu ochokera ku Sweden anakhazikikako mu 1869. Adzukulu awo lero amayankhula Chingerezi, koma kavalo wamtengo wa ku Dalarna, wofiira wokhala ndi maluwa, amamupachika pakhomo atalembapo dzina la banja. M'misewu mwawo muli akavalo akuluakulu, aliyense wopakidwa mwa nzeru za wojambula wake. Anataya chiyankhulo ngati ife, koma penti sanamutaye.

Pali pamene ndikugwirizana nanu. Za kudambwe si zojambula chisawawa, ndipo wojambula afunse agogo tanthauzo la chinthu asanachisinthe. Ndimanyansidwanso ndi zithunzi zongosakira ndalama za alendo, dzuwa likulowa, mayi atasenza mtsuko, chimodzimodzi kuyambira Salima mpaka Mangochi. Komatu mnyamata wa ku Golomoti sakugulitsa kanthu. Wajambula khoma la amayi ake, loti aziliona anthu a m'mudzi mwake.

Chimene chikundiwawa n'chakuti makoma a magolosale athu tinawapereka kwa makampani kuti apakepo malonda awo, ndipo palibe amene anati n'kunyoza makolo. Mwana akaikapo chishango, eee, mlandu. Mukamugwetsa mphwayi ameneyu, mawa azikalemba mitengo ya mowa pamabala, ndipo luso la agogo lithera pomwepo.

Inu aphunzitsi muli m'gulu muno, apatseni ana khoma limodzi la sukulu. Inu muli kutauni, Khirisimasi ino popita kumudzi tengani kachitini ka penti pamodzi ndi shuga uja. Kukasowa penti, dothi lofiira, loyera ndi makala zilipo, ngati mmene amachitira amayi athu pokongoletsa khonde. Mvula ikachotsa, adzajambulanso chaka chamawa, mwina bwino kuposa chaka chino.