Chitipa ikusowa ana ofufuza njerwa ndi dothi

Kholo la ku Chitipa likagulitsa chimanga kapena khofi wa ku Misuku kuti lilipirire mwana sukulu, limayembekeza kuti akamaliza ayambe ntchito msanga. Choncho mwana akati akufuna kukhalabe pa sukulu ya ukachenjede kuti azichita kafukufuku wa njerwa, simenti ndi zitsulo, pakhomo pamagwa chisoni. Ena amati maphunziro amuzunguza mutu.

Makolo otere sakulakwa kudandaula, koma akuiwala za ku Karonga. Mu December 2009 zivomerezi zinagwedeza bomalo, anthu anayi anamwalira ndipo nyumba zambirimbiri zinagwa kapena kung'aluka. Pakati pa Karonga ndi Chitipa pali mtunda wa makilomita pafupifupi 100 okha. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Funso loti n'chifukwa chiyani khoma lina linagwa pomwe la pafupi linatsala chilili limayankhidwa ndi akatswiri a kafukufukuyu. Iwo amajambula khoma pa kompyuta, n'kuligawa tizidutswa masauzande. Kenako kompyuta imawerengera mphamvu yomwe ikukankha kapena kukoka kachidutswa kalikonse nthaka ikamagwedezeka, ndipo imaonetsa pomwe mng'alu ungayambire, kaya pakona ya zenera kapena pomwe makoma awiri akumana. Nyumba imagwa pa kompyuta isanamangidwe n'komwe, popanda maliro.

Koma kompyuta imayankha malinga ndi manambala omwe yapatsidwa. Ikapatsidwa a njerwa za m'mafakitale a ku Ulaya, inama. Mmisiri aliyense wa pa Chitipa boma amadziwa kuti mu uvuni umodzi mumatuluka njerwa zosiyana: za pafupi ndi moto zimalira ngati chitsulo, za m'mphepete zimafumbutuka ndi chala. Ambiri amamangiranso matope m'malo mwa simenti. Manambala a zimenezi sapezeka m'mabuku akunja. Pamafunika munthu woti aphwanye njerwazo pa makina mu labotale n'kulemba zomwe wapeza. Akatswiri a ku Polytechnic, yomwe kuyambira 2021 imatchedwa MUBAS, anachitapo ntchito yotereyi mogwirizana ndi anzawo a ku University of Bristol. Koma dothi la dziko lino si limodzi, ndipo manja ogwira ntchitoyi ndi ochepa.

Palinso lamulo la 2018 loletsa njerwa zootcha pomanga nyumba za boma ndi zamalonda pofuna kuteteza mitengo. Lamulo labwino ndithu. Nanga ndani ayeze kuti dothi la ku Kameme kapena Nthalire limafuna simenti wochuluka bwanji kuti njerwa yosaotcha ilimbe?

Khomo lilipo. Sukulu ya MUST ku Thyolo, yomwe inatsegulidwa mu 2014, imaphunzitsa za zitsulo ndi zipangizo zina zomangira. Vuto ndi kutalika kwa ulendo: zaka zisanu za digiri yoyamba, kenako yachiwiri ndi yachitatu, kawirikawiri kunja kwa dziko. Nthawi yonseyi mnzake yemwe analowa ntchito ku mgodi amakhala atamangira makolo nyumba ya malata. Komatu mgodi wa Kayelekera unaima mu 2014 mtengo wa uranium utatsika, ndipo panapita zaka zoposa 10 usanayambirenso.

Katunduyu asasenze makolo okha. Boma, kudzera ku bungwe la National Commission for Science and Technology, liyenera kulipirira achinyamata otere ndi kuwagulira makina, apo ayi opita kunja sadzabwerera. Nayo khonsolo ya Chitipa isadikire Lilongwe. Ophunzira ochokera m'bomali akamabwerera kusukulu tchuthi chikatha, angathe kunyamula matumba angapo a dothi ndi njerwa za kwawo kuti zikayezedwe, khonsolo n'kulipira mayendedwe ndi ndalama ya ku labotale.