MPASA UDUTSE KAYE, ANYAMATA

Uthengawu ndi wautali ndithu koma mulibe vidiyo, sukudyerani bandulo, ndiye werengani mpaka kumapeto. Nkhani ndi ya mpasa, ndipo mfundo yanga ndi imodzi basi: tisiye kutseka mitsinje nthawi imene mpasa ukukwera kukaswana. Udutse kaye, kuwedza kubwere pambuyo.

Ndiyambe ndi funso. Mwa ife amene sitinakwane zaka 30, ndi angati anagwirapo mpasa waukulu, woti ukaunyamula mchira nkumagunda m'chigongono? Funsani madala anu, funsani agogo. Akuuzani kuti mitsinje inkachita kuwira nayo nsomba imeneyi, pakhomo nkumadya mpaka kugawirako achibale a kumtunda. Lero mpasa ukapezeka padoko anthu amaunjikana ngati kwabwera mlendo, mtengo wake mwana wa msodzi sangaufike. Bungwe la IUCN, limene limalemba zamoyo zimene zili pangozi yoti zikhoza kutha padziko, mpasa linauika kale pamndandanda wake. Ndipo nsombayi kulibe kwina, ndi ya m'nyanja yathu ino ndi mitsinje yothiramo basi. Ikatha kuno ndiye kuti yatha dziko lonse, palibe kokaigula mbewu.

Kuti timvane, tione kaye mmene mpasa umakhalira. Ukakula umakhala m'nyanja, nkumasaka usipa. Koma mazira suikira m'nyanja ayi. Umakwera mtsinje, ulendo umayamba ndi madzi a dzinja ndipo kuswana kumapitirira nthawi ya masika mpaka chilimwe, kuyambira cha mu May kukafika October. Umafuna malo osaya, a madzi oyera othamanga, pansi pake pali nsangalabwi zopanda matope, ndipo kawirikawiri umaikira usiku. Tiana timakulira mumtsinje momwemo, kenako nkutsikira kunyanja. Mitsinje yake mukuidziwa: Bua, Linthipe, Dwangwa, Luweya, North Rukuru, Songwe. A ku Tanzania amautcha mbasa, umakwera mtsinje wa Ruhuhu. Ndiye onani, mpasa uliwonse umene uli m'nyanja unabadwira mumtsinje, ndipo uliwonse wofuna kuswana uyenera kudutsa pakhomo limodzi lopapatiza, pamathiriro. Pamenepo ndi pamene timaudikira ndi matchera.

Azungu mpasa anautcha salmon wa m'nyanja ya Malawi. Si mtundu umodzi ayi, mpasa ndi wachibale wa ntchila, sanjika ndi usipa womwe umadyawo. Anangofanizira khalidwe, poti salmon naye amakulira m'nyanja yamchere nkubwerera mumtsinje kukaswana. Ndakhala ndikuwerenga pafoni mmene anzathu amachitira naye, ndipo pali zoti titolepo.

Ku America, m'zigawo za Oregon ndi Washington, kuyambira September mpaka November, masamba akamayoyoka kuzizira kukuyamba, salmon amalowa m'mitsinje. Kufupi ndi nyanja yamchere madzi a mumtsinje amakwera ndi kutsika kawiri patsiku, ndiye anthu amaima m'mbali ndi ndodo ndi mbedza, kudikira nthawi imene madzi akusintha. Munthu amagula chiphaso, ndipo pali malire a nsomba zimene angatenge patsiku, m'malo ambiri imodzi kapena ziwiri basi. Nsomba zoswetsedwa m'malo oweta amazidula kachipsepse kakang'ono ka kumsana zikadali zazing'ono, kuti wowedza azitha kusiyanitsa. M'mitsinje ina ukakola yopanda chizindikirocho umaibweza m'madzi yamoyo.

Ku Alaska ndiye kuli phunziro lenileni. Kale makampani ankamanga misampha ikuluikulu m'njira za salmon, nsomba nkuyamba kuchepa kwambiri. Alaska itakhala chigawo cha America mu 1959, misampha imeneyo inaletsedwa. Lero ku Bristol Bay kuli anthu olembedwa ntchito yokhala pansanja m'mbali mwa mtsinje nkumawerenga nsomba zimene zikudutsa. Ngati zodutsa zikuchepa, usodzi umatsekedwa kaye, zikakwana amatsegula. Mu 2022 kumeneko kunabwera salmon pafupifupi 79 miliyoni. Iwowa samayamba ndi funso loti tigwira zingati. Amayamba ndi loti zadutsa zingati.

Wina anena kuti aaa, zimenezo ndi za anthu okhuta, amawedza pocheza. Zoona, amene amaima ndi ndodo aja ambiri sakusaka ndiwo za ana. Koma a ku Bristol Bay ndi asodzi a geni ngati ife, ali ndi ngongole za maboti ndi mainjini, ndipo amadikirabe chifukwa anaona kuti kudikirako ndi kumene kumawabweretsera ndalama chaka ndi chaka.

Nanga ife timatani? Mtsinje ukangoyamba kuphwera, matchera kuchoka tsidya lino mpaka tsidya ilo. Pamwamba pake biyo ndi mono, osasiya mpata ngakhale wa dzanja. Imene yapulumuka pamenepo ikukakumana ndi katupe m'maiwe, amene amapha chilichonse, chachikulu ndi chaching'ono chomwe. Tiana tikamatsika tikupeza neti ya udzudzu ikudikira. Mayi timupha ali ndi mazira m'mimba, mwana timupha asanaone nyanja, kenako tikhala padoko nkumati nyanja yakwiya. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Ndipo si koyamba. Ntchila inali nsomba ya malonda yaikulu m'nyanja muno m'zaka za m'ma 1950, nayonso imakwera mitsinje kukaswana. Matchera atachuluka inagwa, ndipo mpaka lero sinabwerere mwakale. Ambiri a ife timangomva dzina. Chambo cha ku Malombe chinagwa chimodzimodzi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, makoka atakokolola ndi udzu womwe wa pansi pamadzi. A ku Mangochi nkhani iyi safuna wowafotokozera.

Ine ntchito yanga ndi mainjini, ndiye ndilankhule chimakaniko. Injini ya Yamaha 15 ikhoza kukhala yatsopano, mapulagi abwino, thanki yodzadza, koma ukapinda paipi ya mafuta imalira pang'ono ndi otsala mu kabureta kenako zii. Mtsinje ndi paipi ya mafuta ya nyanja. Mpasa umene tikuuona lero ndi mafuta otsala mu kabureta. Ndiye pali vuto lachiwiri, zinyalala mu fyuluta, ndipo limeneli ndaliona bwino kuno kumtunda.

Miyezi ino ndili ku Bvumbwe, ku Thyolo. Maboti kulibe, ndikukonza mapampu othirira m'madimba ndi njinga zamoto za akabaza. Mitsinje ya kuno, monga Luchenza ndi Nswadzi, sithira m'nyanja yathu, madzi ake amatsikira ku Ruo nkukalowa mu Shire, ndiye mpasa kuno kulibe. Koma mvula ikagwa umaona chinthu. Kumene a maesiteti a tiyi anasiya mitengo m'mbali mwa timitsinje, madzi sachedwa kuyera. Kumene kwalimidwa mpaka m'mphepete, madzi amakhala ofiira ngati phala la njerwa, ndipo akaphwera pansi pamatsala matope okhaokha. Sindikunyoza alimi a kuno, malo ambiri abwino ali ndi tiyi ndipo anthu apanikizana, munthu alima pamene wapeza. Koma zimene zikuchitika kunozi ndi zomwe zikuchitika kumtunda kwa mitsinje ya mpasa. Bua amachokera ku Mchinji, Linthipe amatenga madzi a ku Dedza ndi Lilongwe. Dothi la m'minda ya kumeneko ndi limene limakakwirira nsangalabwi, mazira nkubanika. Thumba la makala limene mwagula padoko likhoza kukhala kuti lachokera pamtengo umene unkagwira gombe la mtsinje womwewo.

Chimene chathandiza Bua ndi chakuti chigawo chake china chimadutsa m'nkhalango ya Nkhotakota, imene kuyambira 2015 ikuyang'aniridwa ndi African Parks mogwirizana ndi boma. M'menemo mitengo ilipo, nsangalabwi zilipo. Koma nsomba singafike m'nkhalango mouluka. Iyenera kudutsa kaye kumunsi, m'midzi mwathu. Tikatseka pamenepo, mpanda wonse uja ukulondera chipinda chopanda munthu.

Chinanso chimene kuno chandiphunzitsa ndi cha pamsika. Bvumbwe ndi kwa tomato, kabichi ndi mbatata, magalimoto amadzanyamula kupita nazo ku Limbe ndi Blantyre. Mlimi wa kuno ngakhale njala ivute bwanji, mbewu ya nyemba yodzala saiphika. Amadziwa kuti akadya lero, chaka chamawa agwira ganyu kwa mnzake. Nsomba imene imafika kuno ndi usipa ndi utaka wouma. Ndikatchula mpasa, anyamata a msinkhu wathu amafunsa kuti ndi chiyani chimenecho. Ine ndimaopa tsiku limene funso lomweli adzafunse mwana wobadwira ku Nkhotakota.

Tsopano ndikudziwa zimene mundiyankhe, poti tinakulira limodzi. Woyamba ati: aise, iwe uli ndi spanala, ife tidya chiyani? Mafuta akwera, ufa wakwera, mwera ukawomba sabata yathunthu osalowa m'madzi, mtsinje ndiye umatipulumutsa. Ndikumva, ndipo bambo anga ndi msodzi, ndikudziwa mmene pakhomo pamakhalira mwera ukakana kuleka. Nchifukwa chake sindikunena kuti mtsinje usakhudzidwe konse. Kumene malamulo akulola, mbedza ili apo. Munthu woima pagombe ndi chingwe amatenga ya ndiwo, mwina ndi ina yogulitsa, koma gulu limadutsa. Chimene ndikukana ndi chida chotenga zonse usiku umodzi. Ndalama ya usiku umenewo imatha sabata isanathe, koma dzenje lake limaoneka zaka zikubwerazo.

Wachiwiri ati: ndikausiya ine, augwira wa kumtunda, ndiye ndapindulanji? Limeneli ndiye funso lenileni, ndipo munthu mmodzi sangaliyankhe. Mutu umodzi susenza denga. Pamafunika pangano la mtsinje wonse, kuyambira pamathiriro mpaka kumtunda, mafumu onse ndi ma BVC onse. Musati sizingatheke pa Malawi pano. Ku chilumba cha Mbenji ku Salima, kwa Senior Chief Makanjira, anthu akhala akutseka usodzi nthawi ya dzinja kuyambira zaka za m'ma 1950. Aliyense amachoka pachilumba cha mu December, kutsegula cha mu April, ndipo wophwanya lamulo amaweruzidwa ndi mfumu. Sanadikire galimoto ya boma kapena alawansi ya semina. Nchifukwa chake mpaka lero asodzi ochokera kutali amathamangira ku Mbenji kukasaka utaka. Ngati zinatheka pachilumba, zilephereke bwanji pamtsinje woti mwana amaponya mwala nkufika tsidya?

Wachitatu ati: bwanji osayamba ndi matrola, amene akukokolola nyanja? Matrola ali ndi mlandu wawo, ndipo ndi zowawa kuona waneti imodzi akulandidwa pamene wamkulu akudutsa. Tizilankhula zimenezo mokweza. Koma trola silowa mu Linthipe. Katupe sathira ndi kampani. Pankhani ya mpasa mumtsinje, dzanja ndi lathu.

Ndiye ndikupempha zinthu zinayi, zosafuna ndalama.

Choyamba, pamathiriro pasatchedwe neti yodutsa tsidya ndi tsidya, ndipo biyo aliyense asiye khomo pakati, pamene madzi akuthamanga.

Chachiwiri, mudzi ugwirizane masiku pasabata oti mumtsinje musakhale chida chilichonse, makamaka usiku. Ziyambike ndi masiku ochepa, anthu aone okha kusintha.

Chachitatu, katupe ndi neti ya udzudzu zitheretu. Izi ndi zoletsedwa kale, lamulo la zausodzi la 1997 lilipo, ndipo lomwelo ndi limene limapereka mpata woti anthu a m'midzi azitenga nawo mbali poyang'anira nsomba. Neti ya udzudzu ibwerere pamphasa, ana akudwala malungo.

Chachinayi, tiyambe kuwerenga. Tilibe nsanja ngati ku Alaska, koma tili ndi mafoni ndi makope a 40 peji. Padoko lililonse la pafupi ndi mtsinje papezeke mnyamata kapena mtsikana mmodzi wolemba: lero mpasa ungati, waukulu bwanji, wa mazira kapena ayi. Chaka chikatha tikhala ndi chonena pamaso pa afumu ndi a Fisheries, osati kungoti nsomba zatha.

Ndipo inu achinyamata, misonkhano ya BVC musamaisiyire madala okha. Iwo mpasa anadya kale, anakhuta. Amene tidzakhale zaka 40 zikubwerazi pagombe lopanda kanthu ndi ife. Pitani, khalani pansi mwaulemu, pemphani mpata, nenani. Madala athu ambiri zimenezi akuzidziwa kuposa ife, akungosowa wowaimira kumbuyo akamakangana ndi mwini neti amene ali ndi ndalama.

Enafe tinathawira kumtunda, ena ali ku Joni, chifukwa nyanja inasiya kutidyetsa monga inkadyetsera makolo athu. Ine ndikufuna kudzabwerera kukakonza mainjini a maboti, koma injini imabwera kwa makaniko ngati mwini wake akupha nsomba. Ndiye musaone ngati ndikulankhula za chifundo pa nsomba, ndikulankhula za ntchito yanga ndi yanu.

Amene muli kufupi ndi Bua, Linthipe, Dwangwa, Luweya ndi North Rukuru, ndiuzeni mmene zilili kwanuko chaka chino, mitsinje yatsekedwa kapena ayi. Amene simukugwirizana nane yankhani pagulu pompano, osati kuinbox, tikambirane onse akuona. Tumizani uthengawu kumagulu a kumadoko, ndipo amene ali ndi nambala ya wapampando wa BVC kapena ya afumu, awatumizire kapena akawawerengere.

Mwera ukawomba musakakamire kulowa.